Mbereko ya Malemu

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse. Amayi akudzuka bwanji masiku ano? Mwendo uja waphwa? Nanga mankhwala a kuthamanga kwa magazi akumwa, kapena ayambiranso kuwabisa pansi pa pilo? Muziwayang'anira mpaka ameze, paja mumawadziwa.

Kuno Masaya ali bwino. Timano tiwiri tatuluka m'munsi, ndiye chilichonse chimene wagwira chikuthera kukamwa. Inenso m'thupi mulibe chovuta. Chovuta chili m'nyumba muno, ndipo n'chimene ndakulemberani.

Ndakuimbirani kangapo sabata ino kuti ndikuuzeni, koma mukangoyankha ndimapezeka ndikufunsa za sukulu ya ana. Ndiye muwerenge muli nokha, ndipo kalatayi Amayi asaione.

Mukukumbukira mmene bala la opareshoni linandivutira Masaya atabadwa. Ndikamubereka ndi nsalu, mfundo ya m'munsi inkadya pabala penipeni, moti ndikangoyenda pang'ono misozi ili chuchuchu. Nthawi yobwerera ku saluni itakwana panabukanso vuto lina. Pakati pa sabata ndimamusiya kosungira ana, koma Loweruka kumeneko satsegula, pamene ku saluni Loweruka ndi tsiku limene sitikhala pansi ngakhale kumwa madzi.

Bambo a Masaya ndi amene anabwera ndi nzeru. Anati Loweruka mwana azitsala ndi iwo, bola tigule mbereko ya malamba, poti nsalu iwo sangamange. Ndinasangalala ngati mwana, Achemwali. Ndi amuna angati amene amanena okha zimenezi osachita kuwagwadira?

Tinapita kusitolo ya zinthu za ana tonse atatu. Mayi wogulitsa anayamba kutionetsa ija ya nsalu yaitali yozunguliza thupi kangapo. Bambo a Masaya atayesa anadzikola okha ngati mbuzi ya pachingwe, sitolo yonse kufa n'kuseka. Ina inali ya mphete, ya phewa limodzi, iwo anati ikuwakokera kumbali. Ina inali yokongola koma yopapatiza pokhalira, miyendo ya mwana kumangolendewera. Imeneyo ndinaikana ine, chifukwa anesi kusikelo anatiuza kuti mwana azikhala ngati chule, mawondo ali m'mwamba kuposa matako, nkhope ikuoneka, chibwano chisagwere pachifuwa, ndipo mutu ukhale pafupi moti ukawerama pang'ono umupsompsona.

Pomaliza tinatenga yobiriwira, ya lamba wamkulu wa m'chiuno, mapewa ofewa, ndi kathumba kutsogolo. Titafika kunyumba anayamba kuphunzira ndi paketi ya mpunga. Kuiika, kumanga, kumasula, kuwerama, kukhala pampando, kenaka kundifunsa ngati paketiyo ikupuma bwino. Ndinaseka mpaka bala kupweteka. Mumtima ndinati Mulungu wandipatsa mwamuna.

Ndipo ndinawatama. Inu nomwe ndinakutumizirani chithunzi. Makasitomala ndinawatopetsa nazo. Mnzanga wa ku saluni uja timamutcha Wailesi ankauza aliyense wolowa kuti amuna amtundu umenewu fakitale yake inatsekedwa.

Loweruka lililonse ankanyamuka m'mawa, mwana pachifuwa, akuti akukayenda kupaki kuti mwana aone dziko. Madzulo ankabwera ndi tinthu. Lero kachipewa koluka, ulendo wina timasokosi, wina kabotolo ka mafuta a mwana. Ndikafunsa ankati apatsidwa ndi anzawo a kuntchito. Tsiku lina ndinapeza malamba a pamapewa, paja Masaya amakonda kuyamwa, atavekedwa tinsalu tofewa tosokedwa bwino ndi manja. Anati anapititsa kwa telala. Mwana ankabwera akununkhira mafuta amene m'nyumba muno mulibe, iwo n'kumati ndi azimayi a m'basi, saleka kumugwiragwira.

Koma chimene chimandinyansa kwambiri ndikachikumbukira ndi ichi. Mukudziwa kuti alamu anuwa ndi chimunthu, ine ndine kamunthu. Ndiye Lamlungu ndikatenga mbereko kuti ndipite ndi mwana kutchalitchi, ndinkapeza malamba ali ofupikitsidwa kale, ondikwana ndendende. Ndinkati taonani chikondi, munthu mpaka kundikonzeratu malamba. Ndinawathokozapo tsiku lina. Anangoti, "Aa, zazing'ono zimenezo."

Loweruka lapitali ku saluni kunabwera kasitomala wachilendo, mayi wa msinkhu wangawu, wathupi ngati langali, wofatsa. Anati amagwira ntchito ku famase ina kutsidya kwa tauni, pafupi ndi paki. Anafuna malukidwe ang'onoang'ono aja otenga theka la tsiku, ndipo abwana anamupereka kwa ine.

Ndinali nditamaliza mbali imodzi ya mutu pamene anayamba kuyang'anayang'ana pagalasi ngati akufuna munthu. Kenaka anafunsa motsitsa mawu ngati pano ndi pamene ankagwira ntchito malemu. Ndinafunsa kuti malemu ake ati. Anatchula dzina langa, Achemwali. Dzina langa lenileni, lija mumandiitana nalo inu.

Wailesi anali ndi choumitsira tsitsi m'manja, anachizimitsa. Abwana anatsegula pakamwa, ine ndinawaponyera diso kuti akhale chete. Kumene ndinatenga mphamvu sindikukudziwa. Zala zinapitiriza kuluka zokha. Ndinati inde tinkagwira naye, nanga inu munamudziwa bwanji?

Anati iye sanamuonepo, amadziwa mwamuna wake. Akuti bamboyo analowa mu famase tsiku lina kudzagula mankhwala a chimfine, khanda lili pachifuwa. Iye atafunsa mocheza kuti amayi ake ali kuti, bamboyo anayang'ana pansi n'kunena kuti anatisiya. Akuti ndinataya magazi ambiri pobereka. Akuti mwana ndinamuona kamodzi kokha, n'kumugwira kachala, n'kutseka maso. Akuti zithunzi zanga anazitsekera m'sutikesi chifukwa akaziona chakudya sichilowa. Dzina la saluni yathu mayiyu analiona pa kathawulo kamene ndimaika m'kathumba ka mbereko kopukutira dovu, ndipo bamboyo anamuuza kuti n'kumene ndinkagwira ntchito.

Ndiye mumve izi. Akuti mberekoyo ndinasankha ine ndili ndi pakati, masiku anga omaliza, ndipo iye amaberekeramo mwana kuti azimva ngati ali m'manja mwa mayi ake. Mayiyu ponena zimenezi misozi inali italenga m'maso. Anati sanaonepo mwamuna wokonda mkazi wake chotero, mkaziyo ali m'manda.

Ndinamufunsa chimene wabwerera. Anati zinthu pakati pawo zafika patali, bamboyo wayamba kunena kuti mwana akufunika mayi. Ndiye iye amafuna amve kwa anzake a malemu kuti anali munthu wotani, kuti asadzamulakwire polera mwanayo. Anandifunsa ine, tsitsi lake lili m'manja mwangamu, ngati ndinali munthu wabwino.

Ndisanayankhe anatulutsa foni kuti ndione mmene mwana wakulira. Masaya wanga, Achemwali, ali mu mbereko yanga, pachifuwa pa mayiyu. Malamba ofupikitsidwa aja ndinawaona pamenepo. Mwana atatsikira pamimba, khosi litapindika, chibwano chili pachifuwa, ndipo wojambulayo, yemwe uja anaphunzira ndi paketi ya mpunga, osaona n'komwe. Nditangoona nkhope ya mwana wanga mkaka unatuluka, bulauzi yonse kunyowa kutsogoloku. Wailesi sanathenso kupirira. Anakuwa kuti, "Mayi inu, tatembenukani muwaone malemu anuwo akuchucha mkaka!"

Poyamba sanamve. Anatiyang'ana mmodzimmodzi ngati tikumuseka. Ndinamupatsa foni yanga kuti aone zithunzi za kuchipatala, za tsiku la ukwati, za Lamlungu lomwe lapitalo tili atatu pasofa. Ndinakweza bulauzi kumuonetsa chipsera. Anadzuka, kuthamangira kusinki yotsukira tsitsi, n'kusanza. Atamaliza anagwada pansi, pa tsitsi lometedwa la makasitomala, akungobwereza kuti sindimadziwa, Mulungu ndi mboni sindimadziwa.

Ndinafuna kumuda koma chidanicho sichinabwere. Ndinangoona munthu amene anakhala pansi n'kusokera mwana wanga tinsalu toyamwa poganiza kuti alibe mayi. Ndinamufunsa kumene bamboyo ali. Anati akumudikira pabenchi kupaki, kuti akaone tsitsi.

Tinakwera basi limodzi, iye mutu theka woluka theka uli nyankhalala, ine thawulo la saluni pachifuwa.

Mundikhululukire, Achemwali, kuyambira apa ndizingoti iye. Ulemu wa iwo unathera pabenchi imeneyo.

Tinamupeza pansi pa mtengo, atatambalala, akunyambita ayisikilimu, Masaya ali m'tulo pachifuwa. Pambali pake panali amayi awiri achikulire, amene ndinamva pambuyo pake kuti amamubweretsera chakudya chophika Loweruka lililonse, poti bambo wamasiye saphika. Iye anayamba kuona mayi wa ku famase, anamwetulira n'kukweza dzanja. Kenaka anaona ine. Ayisikilimu inagwera pachipewa cha mwana.

Mukudziwa mawu ake oyamba? Anati, "Bwanji simuli kuntchito?"

Mmodzi mwa amayi achikulire aja anafunsa kuti ameneyu ndani. Mayi wa ku famase anayankha kuti ndi mkazi wake. Gogoyo anati, "Uti? Womwalira uja?" Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, anamuyang'ana iye, kenaka anatola kontena yake ya chakudya pabenchipo, kuiika m'chikwama, n'kulavula pansi.

Sindinakuwe. Inu mukundidziwa, mukanaganiza kuti paki yonse indimva. Ndinangopita kumbuyo kwake kukamasula chomangira cha mbereko cha pamsana. Shati inali itanyowa thukuta, ndipo dzanja langa litakhudza msana umenewo ndinamva ngati ndagwira chinthu chowola pansi pa bini. Ndinatenga mwana, ndinatenganso mbereko, ndikuikoka ndi lamba mmodzi mpaka pokwerera basi.

Madzulo anabwera kunyumba ndi zifukwa zake. Choyamba anati iye sananene kuti ndinamwalira, ananena kuti anatisiya, kutanthauza kuti ndawasiya kupita kuntchito, ndiye anthu anamva molakwika. Nditamufunsa za magazi ndi kachala, anasintha. Anati zinayamba mwangozi m'basi, mayi wina atamupatsa mpando n'kumumvera chisoni, ndipo zinamukomera. Anati kuntchito palibe amamuona, kunyumba ine ndimangoona mwana, koma akavala mbereko tauni yonse imamuona. Anati ndi mayi wa ku famase ankangocheza. Ndinati ocheza safupikitsirana malamba.

Ndiye anamaliza ndi ichi, nkhope ili gwaa, osachita manyazi. Anati, "Komatu muziyamika. Palibe tsiku limene ndinakunenerani choipa. Aliyense kumeneko amadziwa kuti munali mkazi wabwino."

Munali, Achemwali. Ndili chilili pamaso pake, mwana ali kubere.

Ndinamufunsa kuti anandiika manda ati. Ndinamulongedzera zovala m'chikwama chake cha kuntchito n'kumuuza kuti akagone kwa mng'ono wake, poti m'nyumba ya maliro sangapezemo tulo. Mpaka lero ali konko. Amatumiza mauthenga opempha zithunzi za mwana, ine ndimadzifunsa kuti akufuna akaonetse ndani.

M'mawa mwake apongozi anatulukira. Ndinaganiza kuti abwera kudzandipepesa. Anakhala pasofa, kumwa tiyi wanga, n'kunena kuti cholakwa ndi mberekoyo. Anati mwamuna ukamukoloweka mwana pachifuwa ngati tayi n'kumutumiza m'tauni, ukuyembekezera chiyani? Anati iwo ana awo onse anawabereka ndi nsalu kumsana ndipo mwamuna wawo sanawaphepo. Anati bola sanabweretse mwana wapathengo, ndiiwotche mberekoyo, ndipemphere, ndipo kwathu ndisauzeko munthu chifukwa ndichititsa manyazi banja. Kapu imene anamwera ndinaitsuka kawiri.

Mberekoyo ndinaiviika m'madzi otentha, kuichapa, kuiyanika, kuichapanso. Tinsalu tija ndinatidula ndi lumo. Ndinaiika m'pepala la zinyalala n'kuisiya pakhomo. Koma Masaya anaizolowera. Masana onse analira mpaka mawu kusasa, pabedi ayi, m'manja ayi. Ndinayesa nsalu, bala linandikumbutsa kuti likadalipo. Ndinapita kukaitola pakhomo paja. Nditangomuikamo anagona ngati wamwa mankhwala.

Ndiye ndikuivala, Achemwali. Ndi yabwino, ndisaname, msana supweteka ndipo manja amagwira ntchito. Koma chomangira chija chikangolira pamsana, khungu lonse limachita nyerenyetsi. Ndimamva fungo la mafuta aja ngakhale ndikudziwa kuti linatha ndi sopo.

Tsopano ndifike pa chimene ndikukupemphani. Mayi wa ku famase anandiimbira kudzandiuza zina zimene anaiwala. Akuti munthuyu ankauza anthu kuti ndinakaikidwa kwathu, ndipo ankatchula dera lenilenilo. Akuti pamaliropo Amayi analira mpaka kukomoka. Ngakhale Amayi anawalowetsamo! Choopsa n'chakuti mmodzi mwa amayi achikulire aja ali ndi mwana wake amene anakwatiwa kumeneko, ndipo anamuuza nkhaniyi kalekale, bodza lisanaululike. Sindikudziwa kuti yafika pati. Ndikuopa kuti tsiku lina munthu adzaima pakhomo pa Amayi atapinda manja n'kuyamba kuwapepesa. Ndi mtima wawo uja, mukudziwa chimene chingachitike.

Chonde pitani mukakhale nawo pafupi, mundiimbire muli pomwepo, ayambe amva mawu anga ndi a mdzukulu wawo. Akatero muwauze pang'onopang'ono, mmene mumathera inu. Ine ndikayamba ndilira, ndipo iwo akamva kulira sadikira kuti munthu amalize.

Chachiwiri, abwana andipatsa tchuthi. Ndikufuna ndibwere ndi Masaya tidzakhale kwanu kanthawi. Pabalaza pomwepo patikwana, sitidzavuta. Za banja musandifunse kaye, sindikudziwa. Musandiuzenso kaye zopirira. Mwina ndidzazimva m'tsogolo, koma osati panopa. Alamu anga muwauze asavutike kubwera kudzamenya munthu, angodetsa manja awo.

Dzulo ndinapita kutsidya kuja kukatenga zinthu za mwana zimene zinali kwa mayi wa ku famase, kabulangete ndi botolo. Anandipatsira pakhomo, maso ali pansi, mutu atamanga duku. Pobwerera ndinadutsa pa mayi wina wogulitsa zipatso pafupi ndi geti la paki. Anaona mbereko yobiriwira, anasuzumira nkhope ya mwana, n'kuomba m'manja. Anati, "Ee, kamwana kamasiye kaja! Ndiye ndinu amene mwalowa m'nyumbamo?" Sanadikire yankho. Anandilangiza kuti ndikasamale ngati kanga komwe, ndisamakamenye, ndipo mberekoyo ndisadzayerekeze kuitaya chifukwa ndi ya malemu. Anasankha lalanje lalikulu n'kundipatsa, akuti ndikafinyire mwana.

Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza. Kenaka ndinakhala pa kampanda ka simenti pafupi ndi dengu lake, ndinamasula lamba mmodzi, n'kuyamwitsa mwana wanga pomwepo. Masaya ankameza mochita kumveka. Mayiyo anatiyang'ana nthawi yaitali, kasitomala akumufunsa mtengo wa nthochi iye osamva. Mwana atakhuta ndinamanga lamba n'kunyamuka.

Mundiyankhe msanga za ulendowu. Mupereke moni kwa alamu anga, kwa ana onse, makamaka wamkulu uja amene akulemba mayeso, mumuuze kuti amayi ake aang'ono akumupempherera. Azakhali muwapatse moni koma musawauze kanthu, mawa dera lonse lingadziwe. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ine mng'ono wanu,
Mayi a Masaya